Madamu Opanda Dzina

Meseji inafika Lughano ali pakati pophunzitsa, choko chili m'manja. Foni inanjenjemera patebulo, ndipo iye, yemwe ankalanda mafoni a ophunzira popanda chisoni, anaisuzumira mwakuba.

"Amayi akananso. Akuti dzina lako lokha likuwakwanira, nkhope safuna kuiona. Awauza amalume, Che Iddi, kuti mwezi uno usanathe apite kwa makolo a Tasneem kukandifunsira mbeta. Ndatopa, Lu."

Anali Mudathir. Lughano Mwalwanda, mphunzitsi wa kalembedwe ka Chingerezi ndi kafukufuku pa koleji ina ya ku City Centre, anamudziwira m'kashopu kake ka ku Old Town, komwe ophunzira ankasindikiza ndi kumangitsa mapepala awo. Tsiku lina anapitako atakwiya chifukwa masamba a wophunzira wake anamangidwa chadodolido. Anapita kukakalipa, koma anabwerako ataseka mpaka nthiti kuwawa. Zinayambira pamenepo, chaka n'kutha, china n'kulowa.

Kwawo ku Area 11, bambo ake a Peterson, mkulu wa mpingo, anakhala miyezi osamulankhula atamva kuti mkamwini ndi Msilamu. Pamapeto pake anafewa n'kunena kuti, "Akabwera mwaulemu ndi akwawo, tidzawalandira." Koma akwawo ake ati? Mayi Sauda, amayi ake a Mudathir, anakana kwamtuwagalu. Chithunzi anakana kuona, ntchito ya mkaziyo anakana kumva. Ankangodziwa kuti ndi wakumpoto, ndi Mkhristu, dzina lake Lughano. Ndipo Mudathir, mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye, sakanakwatira amayi ake atayang'ana kumbali.

"Madamu, mwasiyira panjira," anatero wina kumbuyo.

Lughano anatembenuza foni chafufumimba.

"Ndimati chiyani? Eya. Sabata ino mupita kukafunsa anthu. Musanafunse funso ngakhale limodzi, muuzeni munthuyo dzina lanu, komwe mwachokera ndi chimene mukufuna. Mawu a munthu si mango a m'mbali mwa msewu oti aliyense azingothyola. Tamvana?"

"Tamvana, Madamu."

Kalasi itatha, anatsalira Jenifa, mtsikana wakhama koma wamantha, yemwe chimangirizo chake chilichonse chinkayamba ndi kupepesa.

"Madamu, ine mutu wanga ndi wa amayi ogulitsa zitenje ku Old Town, aja amapita okha ku Dar kukapikula. Ndapeza mmodzi wavomera, koma ndikuopa. Amayankha ngati ukuwabera."

"Ndani?"

"Mayi Sauda. Sitolo yawo ili kuseri kwa mzikiti."

Choko chinathyoka m'manja mwa Lughano. Munthu wanzeru akanati, "Pita, mwanawe, ukachite bwino." Koma munthu amene madzi amufika m'khosi alibe nzeru, abale.

"Ndikuperekeza," anatero Lughano.

* * *

Sitolo ya Mayi Sauda inali yopapatiza, zitenje zitasanjikizana mpaka kudenga, fungo la nsalu yatsopano litasakanikirana ndi la lubani. Mwini wake anali mayi wamfupi, wampango woyera, sizasi ili lende pachingwe m'khosi. Lughano atangomuona anazindikira mphuno ya Mudathir.

Jenifa anachita monga anaphunzitsidwira. Anatchula dzina lake, koleji yake, ndi chimene anabwerera. Kenako Mayi Sauda anatembenuza maso.

"Nanga awa?"

Pamenepo ndi pamene Lughano anafunika kunena. Dzinalo linafika mpaka palilime.

"Ndine mphunzitsi wake, amayi."

"Oho, Madamu. Kwanu n'kuti?"

"Ndinakulira konkuno, ku Area 11."

Silinali bodza ayi. Koma iye mwini akanalipeza m'pepala la wophunzira akanalizunguliza ndi cholembera chofiira.

Jenifa anatsegula kope lake n'kuyamba kuwerenga funso limene analimasulira kuchokera m'Chingerezi. "Kodi ndi zovuta zanji zimene mumakumana nazo ngati munthu wamkazi pa nkhani ya malonda odutsa malire?"

"Funso lanji limenelo? Ukundiyesa nduna ine?"

"Jenifa, tseka kopelo," anatero Lughano motsitsa mawu. "Amayi, tsiku loyamba kukwera basi ya ku Dar, munavala chiyani?"

Mayi Sauda anamuyang'ana kaye, kenako anaphulika ndi chiseko.

"Iii, Madamu, mwandikumbutsa! Ndinavala nsapato za malemu amuna anga, poti ndinamva kuti ku Dar n'kutali. Ndimayesa tikayenda pansi!"

Basitu, mtsinje unasefukira. Anafotokoza za kugona pachipata cha malire cha Songwe atakumbatira katundu, za Chiswahili chimene anachiphunzira pokangana mitengo, za mnyamata wake amene anamulera yekha pansi pa tebulo la sitolo yomweyo. Jenifa ankalemba mpaka dzanja kuuma. Lughano ankangomvetsera, mtima ukumuwawa, chifukwa mayiyu anali wokondeka, ndipo iye anabwera atakonzekera kudana naye.

Katani yakumbuyo inakankhidwa. Analowa mtsikana wamtali, wakhungu losalala, atanyamula tiyi wamkaka ndi mandasi.

"Uyu ndi Tasneem, mwana wa mnzanga," anatero Mayi Sauda. "Amandithandiza muno. Mulungu akalola, posachedwapa akhala mwana wanga."

Lughano anamwa tiyi uja ali wotentha, n'kupsa lilime, osalira.

* * *

Ntchito ya Jenifa inatha tsiku lomwelo. Ya Lughano ndiye inali itangoyamba.

Anabwereranso yekha. "Amayi, Jenifa walemba kuti munayamba malonda chaka cha njala. Ife sitilola chinthu kulembedwa chisanatsimikizidwe, ndiye ndati ndidzamve ndekha." Anabweranso kudzafunsa mayina a zitenje. Atasowa chofunsa, anangobwera. Ulendo uliwonse ankatsika minibasi akulumbira kuti lero anena. Ulendo uliwonse Mayi Sauda ankamulandira ndi, "Madamu anga afika! Tasneem, tereka madzi," ndipo dzina lija linkabwerera kukhosi. Ankasankha masana, nthawi imene ankadziwa kuti Mudathir sangachoke pa makina ake. Za maulendowa Lughano sanamuuze Mudathir.

Tsiku lina kunagwa mvula yamphamvu, makasitomala n'kuthawa. Anatsala awiri, Tasneem ali kuseri kwa katani.

"Madamu, inu ndinu ophunzira. Ndikuuzeni chimene chikundidya?"

"Nenani, amayi."

"Mwana wanga uja wagwidwa ndi mkazi wakumpoto. Wa tchalitchi. Anthu akuyesa ndimadana ndi mtundu. Ine? Theka la makasitomala anga ndi a ku Mzimba ndi ku Karonga, ena ndimawakongoza osalemba n'komwe. Si zimenezo."

Anavula sizasi m'khosi n'kuiika pamiyendo.

"Ndinali ndi achimwene anga, Che Mikaili. Ndi amene anandilera. Anakwatira mkazi wa tchalitchi, n'kukakhala ku Mzuzu. Mkazi wabwino, sindingamunamizire. Koma tsiku limene achimwene anamwalira, Madamu! Ife timaika munthu tsiku lomwelo, atasambitsidwa ndi abale ake, atakulungidwa munsalu yoyera. Ine ndinafika n'kupeza ali m'chipinda chozizira, akudikira ana ochokera kunja. Masiku anapita. Potulukamo anali m'bokosi, atavekedwa suti ndi tayi. Achimwene anga, amene moyo wawo wonse sanamangepo tayi! Ndinapempha, ndinagwada. Anandiuza kuti, 'Alamu, khalani pansi, pulogalamu yatha kale kusindikizidwa.'"

Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Ndili ndi mwana mmodzi. Ndikafa ine, adzamusambitsa ndani?"

Lughano anamva ngati wamezedwa ndi manyazi. Mawu amenewa sanali ake oti awamve. Mayiyu anawapereka kwa Madamu, osati kwa Lughano. Komabe pakamwa pake panatseguka, ndipo chimene chinatuluka si dzina lake.

"Amayi, mkaziyo munamufunsapo?"

"Kumufunsa chiyani?"

"Funso lomwelo. Ophunzira anga ndimawaletsa kulemba za munthu amene sanamumve. Muitaneni kamodzi kokha. Akayankha zopusa, mudzamukane mukudziwa chimene mukukana."

Mayi Sauda anasisita sizasi ija.

"Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," anatero pomaliza. "Ndiganiza."

Mvula itachepa, Tasneem anatenga ambulera kuti aperekeze mlendo ku siteji. Anayenda akulumpha zithaphwi, mpaka anafika pa mavenda ogulitsa nsapato.

"Madamu, nkhope yanuyi ndinaiona penapake."

"Mwina kukoleji."

"Ine kukoleji sindinapondeko. Ndinaiona m'foni ya munthu."

Lughano anaima. Tasneem anamwetulira, kumwetulira kofatsa kwa munthu amene sakufulumira.

"Musaope, asisi, ine sindinena. Ndinenerenji? Ndikanena ine, adzati ndi nsanje. Inu pitirizani kubwera, muzimwa tiyi, muziwaliritsa. Mukamabwerabwera m'pamene zikundikomera ine."

Anamufunditsa ambulera mpaka pakhomo la minibasi, ngati m'bale wake weniweni.

* * *

Lachinayi masana Mudathir anaimba foni, mawu ake akudumphadumpha.

"Tuluka, ndili panja pa geti."

Anamupeza pansi pa mtengo wa mthethe, m'zala muli inki, akumwetulira ngati mwana. Lughano anali asanamuone akumwetulira chotero kwa miyezi.

"Lu, avomera! Loweruka. Akuti ndibwere nawe kunyumba. Che Iddi awauza kuti adikire kaye. Wallahi, sindikukhulupirira!"

"Zatheka bwanji?"

"Akuti pali Madamu ena amabwera kusitolo, mphunzitsi wanzeru kwabasi. Ndi amene awalangiza. Ndikadzawaona Madamu amenewo ndidzawasindikizira mabuku ulere mpaka kufa. Iwe, ukulira chiyani? Ndi nkhani yabwinotu iyi."

"Muda, Madamuwo ndine."

Mudathir anaseka. Kenako anasiya.

"Wati chiyani?"

Lughano anafotokoza zonse, za Jenifa, za tiyi, za Che Mikaili, za ambulera ya Tasneem. Ankalankhula mofulumira, akumugwira mkono, ndipo mkonowo unkauma m'manja mwake.

"Za Che Mikaili akuuza iwe?" anafunsa Mudathir. "Ine mwana wawo sanandiuzepo nkhani ya tayi. Alira pamaso pako?"

"Ndimafuna angondiona, Muda. Angondiona ngati munthu. Iwe unati watopa. Ndikanatani? Ndikhale ku Area 11 n'kumadikira kadi la ukwati wako?"

"Ukanandiuza!"

"Ukanandiletsa."

"Eya, ndikanakuletsa! Amayi anga suwadziwa iwe. Wakuba amamukhululukira. Wina anawabera mpukutu wathunthu, lero amadya nawo Idi. Koma munthu wodya chakudya chawo atabisa nkhope? Mng'ono wawo weniweni sanalankhule naye mpaka lero chifukwa cha kabodza kakang'ono kuposa aka."

"Sindinaname. Sindinatchule dzina chabe."

"Zimenezo ukawauze ana a m'kalasi mwako, uone ngati angakupatse malikisi."

Magalimoto a ku Capital Hill ankadutsa, anthu akupita kukadya.

"Ukundisiya?" anafunsa Lughano.

Mudathir anapukuta nkhope ndi manja onse awiri, inki n'kutsala pachipumi.

"Ndikusiye ndipite kuti? Ndimakukonda mpaka ndimadzida. Koma mako ndi mako, Lu. Mawa upite ukawauze wekha, Loweruka lisanafike, Tasneem asanasinthe maganizo. Pakamwa pako, osati panga. Ine ndikatuluka mumzikiti ndidzakupeza komweko."

"Ukaima nane?"

Mudathir anayang'ana kumsewu, minibasi yake n'kutulukira.

"Upite msanga," anatero.

* * *

Lachisanu Lughano anali ndi kalasi ya m'mawa. Anabweza zimangirizo osayang'ana nkhope ya aliyense. Jenifa anamutsatira mpaka pakhomo kuti amuonetse ndime yake yoyamba, imene kwa nthawi yoyamba sinayambe ndi kupepesa.

"Mayi Sauda akuti ndikamaliza ndikawawerengere m'Chichewa. Akuti inu muli ngati mwana wawo, Madamu."

"Yakhala bwino, Jenifa," anatero Lughano, ngakhale sanaone liwu ndi limodzi lomwe.

Ku Old Town masitolo ambiri anali atatseka, amuna ovala mikanjo yoyera akuthamangira ku swala. Mayi Sauda anali atatambasula chitenje chabuluu chamaluwa agolide patebulo, akudula.

"Madamu anga! Mulungu ndi wamkulu, ndimafuna kutuma Tasneem akufuneni. Ichi n'chanu. Musakane, ndakana kale kukana kwanu."

"Amayi, ndabwera kuti..."

"Dikirani, ndiyambe ine. Ndamvera malangizo anu. Mawa mkazi uja akubwera kunyumba. Koma ine ndi anthu ophunzira sindidziwa kulankhula nawo. Adzandizunguza ndi Chingerezi, ine n'kungoti kukamwa yasa. Ndiye mawa muvale chitenjechi, mudzakhale pambali panga. Inu mumadziwa kufunsa. Mudzamufunse ndinu, ndipo mukadzati ndi wabwino, ine ndidzavomera. Ndalumbira."

Anamukoleka chitenje chija paphewa n'kubwerera m'mbuyo kuti aone mmene chamukhalira. Kuseri, katani inagwedezeka pang'ono.

Ha, Lughano! Chimene anachilirira nthawi yonseyi chinali pamenepo, paphewa pake, ndipo chinkamuotcha. Anagwada pansi pa simenti, siketi yake ya kuntchito n'kudetsedwa ndi ulusi.

"Iii, Madamu, dzukani! Chitenje chomwechi?"

"Amayi, mawa sindingakhale pambali panu."

"Chifukwa?"

"Dzina langa simunalifunsepo, ndipo ine sindinalinene. Ndine Lughano. Lughano Mwalwanda. Mkazi wa mawayo ndine."

Kumzikiti mawu a shehe ankamveka pa chimkuzamawu.

"Bwerezani," anatero Mayi Sauda.

"Ndine Lughano, amayi. Ndinalakwa. Ndinabwera chifukwa munakana kundiona, ndipo ndinalibe njira ina. Koma zonse zimene ndinakuuzani n'zochokera pansi pa mtima. Funso lanu lija ndiyankha pompano. Mudathir akadzatsogola, ndidzaitana a kumzikiti ndekha, tsiku lomwelo, ngakhale abale anga atalusa. Bokosi silidzalowa m'nyumba mwanga. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

Mayi Sauda sanakuwe. Bola akanakuwa. Anakhala pampando pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakalamba tsiku lomwelo.

"Funso limenelo mwalidziwa bwanji?"

Lughano anaweramitsa mutu.

"Ndikufunsani, Madamu. Mwalidziwa bwanji? Si ine ndinakuuzani, ndikulira ngati mwana, mamina ali chuchuchu? Mayeso munabera, ndiye mwabwera ndi yankho. Ndikhulupirire yankho lotero?"

"Amayi, chonde."

"Amayi anu ali ku Area 11. Nkhani ya achimwene anga sindinauzepo munthu, ngakhale mwana wanga. Ndinaisunga zaka zonsezi, n'kudzaitula m'manja mwanu. Inu muli phee, mukumwa tiyi wanga, mukuwerengera mumtima kuti gogoyu wafewa pati. Kenako mukundilangiza kuti ndikuitaneni inu nomwe! Ine n'kumauza msika wonse kuti ndapeza mlangizi. Mwandivula pagulu, mwana inu."

"Sindinawerengere chilichonse. Ndinakukondani. Ndimakukondani mpaka pano."

"N'chimene chikundipweteka," anatero Mayi Sauda, mawu n'kusweka. "Inenso."

Tasneem anatuluka kuseri kwa katani ndi kapu ya madzi. Anaipereka kwa Mayi Sauda atagwada, maso ali pansi.

Nthawi inapita Lughano ali chigwadire. Anapempha, anafotokoza, anabwereza zomwezo m'mawu ena, iye amene ankaphunzitsa anthu kusanja mfundo. Mayi Sauda ankangoyang'ana zitenje zake. Kunja kunayamba phokoso la anthu otuluka mumzikiti, ndipo pakhomo panada. Anali Mudathir, mumkanjo woyera, akupuma mwawefuwefu.

"Lowa," anatero amayi ake. "Wachokera kopemphera, ndiye usandinamize. Unamutuma ndiwe?"

"Ayi, amayi."

"Unkadziwa?"

Mudathir anayang'ana Lughano, n'kuyang'ana pansi.

"Ndamva dzulo masana."

"Dzulo masana. Ndiye madzulo unakhala nane pamkeka, ine n'kumakuuza za Madamu anga, za chitenje chimene ndiwadulire, iwe n'kumangovomera kuti eya amayi, eya amayi."

"Ndimafuna anene yekha. Amayi, walakwa, koma walakwa chifukwa cha ine. Mukanamuona kalekale zonsezi..."

"Ndamuona. Si ndimuone unkati? Ndamuona bwinobwino."

Anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa foni. Anasaka nambala, n'kudina, n'kutsegula kuti onse amve. Kenako anatambasula dzanja kwa mwana wake.

"Ndi amalume ako. Uwauze ndi pakamwa pako kuti asadikirenso, apite lero kwa makolo a Tasneem. Ukakana, tuluka naye mkazi wakoyu, ndipo kuyambira lero ukandiona pamsewu uzindipatsa moni ngati kasitomala."

"Amayi!"

"Landira."

"Muda," anatero Lughano ali pansi pomwepo. "Muda, ndiyang'ane."

Foni inkaitana. Mudathir anailandira ndi manja awiri. Inaitananso, kenako kunamveka mawu a bambo wachikulire, okondwa, a munthu amene wangotuluka kopemphera.

"Halo, achemwali? Mwatani?"

"Ndine, amalume," anatero Mudathir, ndipo anatembenuka n'kumupatsa Lughano msana.